Kodi Woonerera Chabe Ali ndi Mlandu?

Pa 1 Januwale 1963 nyumba ya kanema yotchedwa Fuji ku Japan inayamba kuonetsa mlungu ndi mlungu nthano ya zithunzi zojambula pamanja, yosimba za kamnyamata kachitsulo dzina lake Astro Boy. Mmisiri wake anali Osamu Tezuka. Chaka chomwecho, pa 4 Disembala, Aepiskopi a dziko lonse lapansi, atasonkhana ku Roma pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, anatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica, chonena za nyuzipepala, wailesi ndi kanema. Kuyambira pamenepo nthano za mtundu umenewu, zimene eni ake amazitcha anime, zachuluka mpaka kufika m'maiko onse, ndipo lero achinyamata amaziona pa lamya za m'manja, kunyumba ndi kusukulu komwe. Akatha kuona gawo limodzi amakhala pansi natsutsana za amene walakwa ndi amene wakhoza. Ena mpaka amadzijambula nkhope pamene akuonera, naika zithunzizo pa YouTube, kuti anzao aone m'mene anafuulira kapena m'mene analirira.

Makolo ambiri achikristu akuda nkhawa. Ena amati zonsezi n'zausatana, pakuti muli mizimu ndi ziwanda, ndipo mwana asaziyandikire. Achinyamata amayankha kuti ndi zojambula chabe, magazi ake ndi utoto, ndipo palibe munthu amene amafa. Onsewa maso ao ali pa galasi la kanema. Koma mlandu, ngati ulipo, uli tsidya lino la galasilo, mumtima mwa iye amene wakhala pampando. Tsono funso ndi ili: kodi munthu amene sanagwire mpeni, sanatume mnzake, wangoona ndi kukondwera, ali ndi choyankha pamaso pa Mulungu?

Kope la imfa

Nthano imodzi ithandiza kuunika funsoli. Dzina lake ndi Death Note, ndiko kunena kope la imfa. Woilemba ndi Tsugumi Ohba, woijambula ndi Takeshi Obata. Inatuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 2003 mpaka 2006, ndipo kampani ya Madhouse inaisandutsa kanema wa magawo 37 amene anaonetsedwa mu 2006 ndi 2007.

Mnyamata wa zaka 17, Light Yagami, mwana wa mkulu wa apolisi, wanzeru kuposa anzake onse, atola kope pabwalo la sukulu. Mphamvu ya kopelo ndi yakuti munthu aliyense amene dzina lake lilembedwamo amafa, malinga wolembayo akhale akudziwa nkhope yake. Ngati sanalembe mtundu wa imfa, munthuyo amafa ndi mtima patapita masekondi 40. Poyamba Light alemba dzina la chigawenga chimene chatsekera ana m'nyumba ya sukulu ya mkaka, ndipo anawo apulumuka. Kenaka ayamba kupha zigawenga za m'maiko onse, ngakhale zimene zili kale m'ndende. Umbanda uchepa, anthu ambiri amutamanda namutcha Kira, ndipo iye atsimikiza mumtima kuti adzakhala mulungu wa dziko latsopano lopanda oipa.

Mpaka apa woonerera amakhala ku mbali ya mnyamatayo, ndipo olemba nthano anakonza dala kuti zitero. Koma m'gawo lachiwiri lomwe munthu wina aonekera pa kanema, nadzitcha L, wofufuza milandu wotchuka, nanena poyera kuti zimene Kira akuchita n'zoipa. Light akwiya nalemba dzina lake pomwepo. Munthuyo, Lind L. Tailor, anali wandende woweruzidwa kale kuti aphedwe, amene L weniweni anamuika ngati nyambo. Koma Light sanadziwe zimenezo. M'maganizo mwake anapha munthu wosalakwa chifukwa chakuti anamudzudzula. Pambuyo pake apha apolisi 12 a FBI, ndiponso mkazi wina, Naomi Misora, amene ankafufuza za imfa ya bwenzi lake lomwe anali nalo pa chitomero. Anamiza amai ake ndi mlongo wake, ndipo bambo wake amwalira akukhulupirira kuti mwana wao alibe mlandu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpando wa Ryuk

Kope lija linagwetsedwa ndi mzimu wa imfa wotchedwa Ryuk, mmodzi wa iwo amene nthanoyo iwatcha shinigami. Makolo amene aona nkhope yake yoopsa amaganiza kuti choipa cha kanemayu chili pamenepo. Koma chofunika kuchiona ndi khalidwe lake. Ryuk sakakamiza Light kupha munthu ndi mmodzi yemwe. Samulangiza kuti aleke. Sali ku mbali ya Light kapena ya L. Anagwetsa kopelo chifukwa anatopa ndi kukhala wopanda chomusangalatsa, ndipo ntchito yake yonse ndi kuyandama kumbuyo kwa mnyamatayo, kudya maapozi ndi kuseka pamene anthu akufa. Masewera aja atasiya kumukoma, Light atagwidwa ndi kuomberedwa mfuti, Ryuk alemba dzina la Light m'kope lake, monga anamuuzira pa chiyambi.

Ryuk ndiye woonerera. Anabwera chifukwa chosowa chochita, afuna kuti nkhani ipitirire, ndipo imfa za anthu kwa iye ndi ndiwo zodyera nsima. Munthu aliyense amene atsegula kanemayu madzulo atatopa wakhala pafupi ndithu ndi mpando wa Ryuk. Motero nthanoyi imaweruza anthu awiri, wolemba maina ndi woyang'anira, ndipo wachiwiriyo ndiye amafanana ndi amene wagwira lamya m'manja.

Alypius ndi Saulo

Eklezia analidziwa funsoli kanema asanabadwe. Augustine Woyera, Episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, m'buku lachisanu ndi chimodzi la Confessiones, limene analemba cha m'ma 397 mpaka 400, asimba za bwenzi lake Alypius wa ku Thagaste. Mnyamatayu anapita ku Roma kukaphunzira malamulo, ndipo ankanyansidwa ndi masewera a m'bwalo m'mene anthu ankaphana ndi malupanga. Tsiku lina anzake anamukokera kumeneko. Iye anawauza kuti thupi lake angathe kulikhazika pamenepo, koma maso ndi mtima sangazikakamize, ndipo anatsinzina. Makutu okha ndiwo sanatseke. Mmodzi wa omenyana atagwa, khamu lonse linafuula, Alypius natsegula maso ali ndi chikhulupiriro chakuti adzanyoza chimene aone. Ataona magazi sanathenso kuchotsa maso. Anafuula pamodzi ndi khamulo, ndipo masiku otsatira ndiye amene ankakoka ena. Augustine aweruza kuti bala limene Alypius analandira mumzimu linali lalikulu kuposa la munthu amene anagwa pansi uja.

Malembo Oyera nawonso ali ndi woonerera wao. M'buku la Ntchito za Atumwi, pamene Stefano Woyera ankaponyedwa miyala, mnyamata wina dzina lake Saulo ankasunga zovala za oponyawo. Sizilembedwa kuti anatola mwala. Anaimirira, naona, navomereza. Patapita zaka, ali kale Paulo mtumwi, anakumbukira tsikulo m'pemphero lake ngati chinthu chomutsutsa, monga mutu 22 wa buku lomwelo usonyeza. Ndipo m'kalata yake kwa Aroma, kumapeto kwa mutu woyamba, aika pamodzi ochita zoipa ndi iwo amene amawayamikira.

Koma ndi zojambula chabe

Wachinyamata wanzeru adzati: Stefano anali munthu, womenyana wa ku Roma anali munthu, koma Lind L. Tailor ndi mizere ya cholembera. Mau amenewa ndi oona, ndipo ayenera kulemekezedwa. Woonerera Death Note sanalakwire mnansi wake aliyense, alibe choti abweze, ndipo palibe wamasiye amene adzamuloze chala. Ndi kulakwa kuuza mwana kuti wapha munthu chifukwa waona kanema.

Komabe munthu wojambulidwa ndiye wabodza. Chimwemwe cha woonerera n'chenicheni. Mtima umene wagunda, pakamwa pamene pafuula kuti afe ameneyo, ndi za munthu wamoyo amene mawa adzakumana ndi anthu amoyo. Ambuye Yezu, pa ulaliki wao wa paphiri, anatsata kupha mpaka ku mkwiyo umene umakubala, natsata chigololo mpaka ku diso lokhumbira. Pofotokoza ulaliki womwewo Augustine anaphunzitsa kuti tchimo limafika ndi mapazi atatu: chinthu chimaonekera kwa munthu, kenaka chimamukoma, ndipo potsiriza iye amavomera. Phazi loyamba si tchimo. Lachiwiri, likangobwera lokha munthu asanaganize, silinakhalebe tchimo, pakuti kugunda kwa mtima sikufunsa chilolezo. Pa phazi lachitatu mpamene munthu mwini wake amalowa.

Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimathetsa mlanduwu. M'buku lake la Summa Theologiae aphunzitsa kuti munthu akamaganiza za chinthu choipa angathe kukondwera ndi kuganizako, kapena kukondwera ndi choipacho. Mphunzitsi wa malamulo amene asangalala pomasula mlandu wovuta wa kupha sanachimwe. Chimene chamukoma ndi nzeru. Koma munthu amene abwereza mumtima chithunzi cha kupha chifukwa kuphako n'kumene kukumukoma, ndipo avomera kukomako, wachimwa ngakhale sanadzuke pampando.

Choncho achinyamata awiri angathe kukhala pa benchi limodzi, kuona gawo limodzi, mmodzi n'kudzuka woyera, wina n'kudzuka wovulala. Woyamba wachita chidwi ndi m'mene Light ndi L akutcherana misampha ngati anthu osewera bawo, wazizwa ndi luso la ojambula, ndipo pamene Naomi Misora akupita ku imfa yake mtima wake wawawa. Wachiwiri waseka pa malo omwewo, wati mkaziyo waziyamba dala, ndipo usiku wagona akuwerenga maina amene iye akanalemba kope likanakhala lake: mphunzitsi wouma mtima, mnzake amene anamulanda chibwenzi, amalume amene anatenga munda. Zoterezi sizongopeka. M'masukulu ena a ku China ndi ku America ana anapezeka ndi makope otsanzira Death Note, atalembamo maina a anzao ndi a aphunzitsi, ndipo mu 2015 boma la China linaika nthanoyi pa mndandanda wa zoletsedwa. Makope a anawo analibe mphamvu yopha munthu, koma anaulula chimene chinali mumtima mwa olembawo.

Chifukwa chake Kira amakoma

Sikokwanira kudzudzula woombera m'manja popanda kumva chimene chikumuwawa. Anthu amakonda Kira chifukwa anaonapo mbala ikutuluka m'manja mwa apolisi tsiku lomwe yagwidwa, anaonapo wachuma akugula mlandu, anaonapo wamasiye akulira popanda womumvera. Njala ya chilungamo ndi yabwino, ndipo Mulungu ndiye anaiika mwa munthu. Woonerera amene sakhudzidwa konse ndi ana otsekeredwa aja ali ndi nthenda yoposa ya mnzake wofuulayo.

Koma nthano yomweyo isonyeza kumene njala imeneyi imathera ikasowa malire. Light ndi wofufuza, woweruza ndi wakupha, zonse mwa munthu mmodzi. Saitana mboni, samva woimbidwa mlandu, ndipo akalakwitsa palibe womubweza. Maina amawatenga pa kanema ndi m'nyuzipepala, ngati kuti zimenezo sizinanamepo. Munthu amene wadzipatsa mphamvu zotere sachedwa kuona kuti womutsutsa aliyense ndi mdani wa chilungamo. Nchifukwa chake Tailor anafa m'gawo lachiwiri osati lomaliza. Walira mvula walira matope: wofuna Kira wafunanso imfa ya Naomi Misora. Aquinas anaphunzitsa kuti munthu wamba alibe chilolezo chopha wochimwa mwa iye yekha. Paulo Woyera, m'mutu 12 wa kalata kwa Aroma, aletsa Akristu kudzibwezera, pakuti kulipsira n'kwa Mulungu. Ndipo mu 2018 Papa Francis anakonzanso ndime 2267 ya Katekisimu wa Eklezia Katolika, kuti iphunzitse poyera kuti ngakhale boma lisagwiritse ntchito chilango cha imfa, popeza ulemu wa munthu sutha ngakhale atapalamula mlandu waukulu. Kufuna kukhala mulungu woweruza moyo ndi imfa ndi chinyengo chakale chija cha m'munda wa Edeni.

Pano nkhaniyi ifika pakhomo. M'misika ndi m'midzi ya kuno kwamveka kangapo za munthu woganiziridwa kuba kapena ufiti amene khamu lamumenya kapena kumutentha asanafike kubwalo la milandu. Pa zochitika zotere oponya miyala amakhala ochepa. Ochuluka ndi oimirira, ofuula, ndi ojambula pa lamya. Popanda iwo manja a oponyawo akanafooka. Kanema wa ku Japan sindiye anabweretsa mchitidwewu, ndipo kungakhale kunama kumuimba mlandu umenewo. Koma mtima umene wazolowera usiku ndi usiku kukondwera pamene woipa afa popanda kuzengedwa, sudzapeza mau okanira tsiku limene khamu lidzafuula pamsika. M'mera mpoyamba.

Muyeso wa munda

Pali nthano inanso imene imayesa woonerera mwa njira ina. Vinland Saga, ya Makoto Yukimura, isimba za nthawi ya ankhondo a kumpoto kwa Ulaya, zaka 1,000 zapitazo. M'chigawo choyamba, cha 2019, mnyamata wa ku Iceland, Thorfinn, aona bambo wake Thors akuphedwa ndi gulu la Askeladd, ndipo akula pakati pa gulu lomwelo, akupha anthu osawerengeka, cholinga chake chili chimodzi, kubwezera. Potsiriza Askeladd aphedwa ndi dzanja la wina, Thorfinn natsala wopanda chokhalira moyo. M'chigawo chachiwiri, cha 2023, iye ndi kapolo pa munda wa Ketil ku Denmark. Pamodzi ndi kapolo mnzake Einar agwetsa mitengo, azula zitsa, abzala tirigu. Usiku alota anthu amene anawapha. Alumbira kuti sadzavulazanso munthu, ndipo pofuna kulankhula ndi mfumu Canute kuti nkhondo ileke, alola kumenyedwa nkhonya 100 osabwezera.

Oonerera ena anadandaula kuti chigawo chachiwirichi n'chozizira, kuti iwo anadzera malupanga ndipo apatsidwa makasu. Ena anachitcha chokoma koposa. Wojambula anali yemweyo, munthu wa m'nthano yemweyo. Chimene chinasiyana ndi chimene aliyense ankafuna. Munthu amene kulapa kumamutopetsa pamene kupha kumamudzutsa waphunzira kanthu za iye mwini, ndipo achita bwino kusakataya phunzirolo. Pamenepa kanema wagwira ntchito ya kalirole.

Zoyenera kuchita

Eklezia saletsa chisangalalo. Aquinas yemweyo anaphunzitsa kuti mzimu umatopa monga thupi, ndipo umafuna masewera kuti upumule, monga uta umene ungathyoke ukakhala chikokere. Papa Pius XII, m'kalata yake Miranda Prorsus ya 1957, analandira kanema, wailesi ndi televizioni ngati mphatso zimene zingathe kutumikira zabwino kapena zoipa. Inter Mirifica ivomera kuti kusimba ndi kuonetsa zoipa kungathe kuthandiza munthu kudziwa mtima wa anthu mozama ndi kuonetsa kukongola kwa zabwino, malinga zikhale ndi malire. Tezuka mwini wake, asanamwalire mu 1989, anali atayamba kujambula nthano za m'Baibulo mopemphedwa ndi nyumba ya kanema ya RAI ya ku Italy. Luso lojambula lilibe chipembedzo chake. Limatumikira amene waligwira.

Chikalata chomwecho chipatsa ntchito oonerera ndi makolo omwe. Oonerera asankhe zimene aona. Achinyamata adzigwire ndi kukambirana zimene aona ndi aphunzitsi ao. Makolo alonde zolowa m'nyumba. Tsono kholo liyambe ladziwa kuti si zojambula zonse zili za ana. Death Note ndi Vinland Saga sizoyenera mwana wa pulaimale, ndipo pali zina zamtundu umenewu zopangidwira chiwerewere ndi nkhanza basi, zimene Mkristu wa msinkhu uliwonse ayenera kuzikana popanda kukambirana. Koma kwa mnyamata kapena mtsikana wosinkhuka, kulanda lamya kokha sikuchiritsa, pakuti adzakaonera kwa mnzake, ndipo kumeneko sikudzakhala womufunsa kanthu. Kholo lanzeru likhala naye gawo limodzi, kenaka limufunsa kuti iye anali ku mbali ya yani, ndi chifukwa chake. Yankho la mwanayo lidzaulula zambiri kuposa dzina la kanemayo.

Wachinyamata nayenso ali ndi ntchito yake. Pofufuza mumtima madzulo kapena pokonzeka Sakramenti la Kulapa, asaime pa funso lakuti waona chiyani. Apitirire kudzifunsa chimene chinamukoma, ndi ngati anachivomera. Ngati anafunira munthu weniweni imfa, aulule, pakuti chimenecho ndi chidani ndithu, ngakhale chinabadwira pa zojambula. Ndipo iye amene amadzijambula nkhope poonera akumbuke kuti wasanduka khamu lija limene kufuula kwake kunatsegula maso a Alypius. Kuseka kwake kumaphunzitsa ang'ono ake chimene chili choseketsa.

Tsono woonerera chabe kulibe. Maso amalandira, koma mtima umaweruza, ndipo kuweruza ndi ntchito ya munthu imene Mulungu amaiona. Komabe pasakhale wotaya mtima. Alypius anabatizidwa ku Milan pamodzi ndi Augustine pa Pasaka wa 387, nadzakhala Episkopi wa kwao ku Thagaste. Ndipo mnyamata wosunga zovala uja anadzatayanso magazi ake ku Roma chifukwa cha Kristu yemwe Stefano anamufera. Chaulere cha Mulungu chimene chinawachotsa iwo pakati pa khamu sichinathe mphamvu.